Kusankha sikopu ndi maring'i a mfuti yosakira nyama: malangizo kwa anzanga a kuno ku Joni

Nyengo yozizira ikamayandikira kuno ku Johannesburg, cha mu Meyi, mafoni amayamba kulira. Wina wapeza famu ku Thabazimbi, wina akuti ku Free State kuli malo, ndipo pa gulu sipalephera kukhala mmodzi amene wangolandira laisensi ya mfuti yake yoyamba. Funso lake ndi lomwe lija chaka ndi chaka: "Achimwene, ndigule sikopu yanji?" Akunena galasi lolunjikira limene timamanga pamwamba pa mfuti. Pofunsapo amakhala ataiona kale pa foni imene mtima wake wakonda, chisikopu chachitali, chonenepa kutsogolo, manambala ali mbwee m'mbali.

Ine ndinagulapo chotero. Ndinachimanga pa mfuti yanga ya .30-06 ndi maring'i (tizitsulo tozungulira togwira sikopu pa mfuti) otchipa amene wogulitsa anangondiponyera m'jumbo ngati basela. Ku famu ina ku Limpopo ndinalunjika nswala yaimuna paphewa, mtunda wosakwana mamita 100, koma chipolopolo chinakalowa m'mimba. Tinalondola magazi ndi mnyamata wa pa famupo kuyambira masana mpaka mdima, ndipo tinakaipeza m'mawa mwake itafa, itavutika usiku wonse. Poyang'ana mfuti tinaona kuti sikopu inali itatsetsereka m'maring'i, pa chubu pali mikwingwirima yowala. Ndalama ndinalipira, popeza mafamu ambiri lamulo lawo ndi lakuti ukatulutsa magazi ndiye kuti nyamayo wagula. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi usiku umene nswala ija inagona ndi bala chifukwa cha tizitsulo tiwiri timene sindinatilabadire.

Mapepala kaye

Sikopu payokha siifuna laisensi, koma mfuti imafuna. Lamulo la dziko lino la Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000, limati wofuna competency certificate, chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera kukhala ndi mfuti chimene chimafunika asanalandire laisensi, akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, komanso akhale nzika ya South Africa kapena wokhala ndi chiphaso cha permanent residence. Ambiri mwa abale athu ali pa permit ya ntchito, ndiye mfuti yawoyawo sangakhale nayo. Lamulo lomwelo limalola mwini laisensi kuti munthu wina agwiritse ntchito mfuti yake iye ali pomwepo akuyang'anira. Njira yake ndi imeneyo. Zobwerekana mfuti mwamseri, kapena kugula ya pansi pa tebulo, zisiyeni: mapeto ake ndi ndende ndi kuthamangitsidwa m'dziko.

Gawo loyamba: muzikasaka kuti?

Musanagwire sikopu iliyonse, yankhani funso limeneli moona, kumene muzikapita chaka ndi chaka, osati kumene mumalota kudzafika.

Ambiri a ife a ku Gauteng timapita ku tchire la Limpopo: Thabazimbi, Lephalale, mapiri a Waterberg. Ndi tchire la minga ndi zitsamba zothinana, ndipo mukakwera cha ku Musina mumapeza tsanya ngati ku Liwonde. Kumeneko nswala, njiri, ngoma ndi nyumbu mumakumana nazo pafupi, kawirikawiri pakati pa mamita 50 ndi 150, ndipo nyama sikudikirani. Yangoti mutu dzuu, kukuonani, basi yapita. Chimene mukufuna ndi kuipeza msanga m'galasi. Sikopu ya 3-9x40 (manambalawa tiwamasulira m'gawo lachiwiri) mukaiika pa mphamvu ya 3 imakuonetsani malo otambalala pafupifupi mamita 10 kapena 11 pa mtunda wa mamita 100, koma mukaikweza pa 9 malowo amatsala ngati mamita 4 okha. Muganize tsopano munthu amene sikopu yake imayambira pa 6, ngoma itaima kuseri kwa chitsamba pa mamita 40: amangoona masamba ndi ubweya, osadziwa kuti phewa lili pati. Choncho ku tchire tengani 2-7x33, 3-9x40 kapena 2.5-10x42.

Ku zigwa za Free State ndi Karoo ndi nkhani ina. Springbok ndi blesbok zimaima pambalambanda, zimakuonani muli kutali, ndipo kuwombera pa mamita 200 mpaka 300 si chachilendo. Kumeneko 4-12x kapena 4-16x ili ndi ntchito. Amene ali ndi .375 H&H yosakira njati akufunika yotsika kwambiri, monga 1-4x kapena 1.5-6x.

Ngati mfuti ndi imodzi, .308, .270 kapena .30-06, ndipo mukufuna izigwira konsekonse, ine ndimati 3-9x40 kapena 3-12x42 yabwino. Zija za 6-24x50 malo ake ndi pa benchi ku renji, malo oyesera kuwombera.

Gawo lachiwiri: kuwerenga manambala

Pa 3-9x40, manambala awiri oyambawo akunena kuti chinthu chimayandikira katatu mpaka kasanu ndi kanayi. Womalizayo ndi kukula kwa galasi la kutsogolo, mamilimita 40.

Gwirani sikopu mutatambasula mkono, muilozetse kowala, muona kadontho kowala pakati pa galasi la kudiso. Kuwala konse kofika m'diso mwanu kumadutsa pa kadontho kameneko, ndipo kukula kwake mumakupeza pogawa galasi la kutsogolo ndi mphamvu imene mwaikapo: 40 kugawa ndi 8 ndi mamilimita 5. Mwanadiso wa wachinyamata mumdima amatseguka mpaka mamilimita 7, wa ife okulirapo amalekera cha pa 5. Kuwala koposera pamenepo kumangotayika. N'chifukwa chake galasi la mamilimita 56 silithandiza anthu ambiri monga amaganizira. Limangolemetsa mfuti, ndipo limakakamiza kuti sikopu ikhale pamwamba, tsaya n'kuchoka pa thabwa la mfuti.

Chimene chimaonetsa bwino mbandakucha ndi chisisira, nthawi imene ngoma zimayenda, ndi mtundu wa galasi ndi zimene analipaka. Pa bokosi pakhale mawu akuti fully multi-coated, kutanthauza kuti magalasi onse anapakidwa kangapo mbali zonse. Pakhalenso polemba kuti mkati anaikamo nitrogen kapena argon. M'mawa wa Juni ku Free State kumagwa chisanu choyeretsa udzu, ndipo sikopu yolowa chinyezi imachita nkhungu mkati, yosapukutika.

Chubu cha pakati chimabwera cha inchi imodzi, omwe ndi mamilimita 25.4, cha 30, kapena cha 34. Chachikulu sichiwonjezera kuwala, chimangopereka danga lokwezera ndi kutsitsira kamtanda, timizere tolunjikira timene mumaona mkati mwa sikopu. Chofunika ndi kusunga nambalayo m'mutu, chifukwa maring'i ayenera kufanana nayo ndendende.

Gawo lachitatu: m'shopu

Sikopu musagule musanayang'anemo. Ngati mungadikire, chionetsero cha HuntEx ku Gallagher Convention Centre ku Midrand chimachitika nyengo yosaka isanayambe, ndipo mutha kuyang'ana m'masikopu ambiri tsiku limodzi. Apo ayi, shopu iliyonse yeniyeni ya mfuti ikulolani.

Yambani ndi kagudumu ka kudiso. Lozetsani pa khoma loyera, tembenuzani mpaka kamtanda kaoneke kakuthwa mukangoyang'ana. Kenako musalozetse panja pa dzuwa, poti pamenepo ngakhale yotchipa imaoneka bwino. Lozetsani pa kona yamdima ya shopu, kunsi kwa shelefu, muyerekeze ziwiri kapena zitatu. Onaninso m'mphepete mwa chithunzi ngati simukuchita chimbuuzi.

Kenako mpata wa pakati pa diso ndi galasi, umene ogulitsa amati eye relief. Pa mfuti monga .30-06 musatsike pansi pa masentimita 9, ndipo pa .375 ndi bwino 10. Mpatawu umachepa mukakweza mphamvu, ndiye uyeseni sikopu ili pamapeto. Mfuti ikakankha, sikopu yoyandikira kwambiri imadula pachikope, ndipo choipa kuposa chipsera ndi chakuti munthu amayamba kutsinzina asanawombere. Chizolowezi chimenecho kuchichotsa kwake ndi ntchito ya miyezi.

Kamtanda sankhani kosavuta: duplex, kokhuthala m'mbali n'kuonda pakati, kapena German 4. Tija todzaza timizere ndi timanambala timasowa pa thupi la nyumbu mumthunzi. Kadontho kofiira koyaka pakati ndi kabwino ngati thumba likulola. Mabatani osunthira kamtanda akhale otsekera ndi tizivindikiro, chifukwa osavindikira amatembenuka okha pokhulana ndi zitsamba kapena mpando wa bakkie. Atembenuzeni mumve ngati kliki iliyonse ikumveka bwino pa chala. Ikakhala yofewa ngati phala, ibwezeni.

Werengani cholembedwa pa batanipo. Pakalembedwa 1/4 MOA, kliki imodzi imasuntha chipolopolo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100. Pakalembedwa 0.1 mil kapena 1 cm, ndi sentimita imodzi. Kwa ife oganiza m'mamita yachiwiriyi ndi yophweka. Za FFP (kamtanda kokula pamodzi ndi chithunzi mukakweza mphamvu) ndi SFP (kamtanda kosasintha kukula) musataye nazo tulo, pa mitunda yathuyi SFP ndi yokwanira. Batani lachitatu la parallax, lokonza kuti kamtanda kasamasunthe pa chandamale diso likasuntha, limayamba kufunika mukadutsa mphamvu ya 10 kapena 12.

Maina? Zeiss ya ku Germany, Swarovski ndi Kahles za ku Austria zili pamwamba, mitengo yakenso pamwamba. Meopta ya ku Czech Republic, Leupold, Burris ndi Vortex za ku America, komanso Lynx, dzina la konkuno, zili ndi masikopu amene munthu wa malipiro a pamwezi angafikire. Koma dzina palokha silikwanira, chifukwa kampani imodzi imapanga zotsika ndi zapamwamba. Funsani funso ili: ikawonongeka ndikaipereka kuti, ndipo ndidikira nthawi yaitali bwanji? Waranti yopanda woiimira m'dziko muno ndi pepala chabe.

Ya kaunjika yochokera kwa mlenje wodziwika ndi yabwino kuposa yatsopano yopanda dzina. Yang'anani chubu ngati sichinaphwanyike pamene panali maring'i, igwedezeni pakhutu kuti mumve ngati mkati simukulira kanthu. Samalani ndi za pa intaneti zokhala ndi dzina lalikulu koma mtengo wa nsapato: zachinyengo zilipo zambiri, ndipo nambala ya pa sikopu mutha kuifunsa kwa oimira kampaniyo. Zija zogulitsidwa pamodzi ndi mfuti zoseweretsa musaziike n'komwe pa mfuti yosakira.

Gawo lachinayi: zogwirira, pamene anthu amapsera

Mfuti ikalira imathamangira m'mbuyo mwadzidzidzi, pomwe sikopu, chifukwa cha kulemera kwake, imafuna kutsala pomwe inali. Kukokana konseko kumathera pa timasikuluu tochepa. Sikopu ikalemera, kukokanako kumakulanso, n'chifukwa chake chisikopu changa chija chinatsetserekera kutsogolo. Ngati ndalama zaperewera, tsitsani pang'ono pa sikopu, maring'i mugule enieni.

Choyamba dziwani pamwamba pa mfuti yanu. Mfuti zina zinabadwa ndi njira yakeyake yogwirira: CZ 550 ili ndi mpata wa mamilimita 19, Tikka T3 wa 17, Sako ili ndi wake wopita nuchepa, Ruger M77 nayonso ili ndi wake. Zimenezi zimafuna maring'i opangidwira izozo, monga Optilock pa Sako ndi Tikka. Zina, monga Remington 700 ndi Howa 1500, zili ndi mabowo a masikuluu pomwe mumamangapo besi, kachitsulo kokhazikapo maring'i, kenako maring'i pamwamba. Mauser yakale kapena .303 ya ankhondo imene sinaboolewe ipite kwa gunsmith, katswiri wokonza mfuti. Kuboola nokha ndi drilo ya pakhomo ndi kupha mfuti. Pokagula nenani dzina lonse la mfuti, komanso ngati ndi short action kapena long action, kutanthauza kutalika kwa malo amene bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope, imayenda.

Pali mabesi awiri ofanana maonekedwe amene amasokoneza anthu: Weaver ndi Picatinny. Mipata ya Picatinny ndi yotambalala mamilimita 5.23 ndipo inatalikirana mofanana, pomwe ya Weaver ndi 4.57. Zotsatira zake, ring'i ya Weaver imalowa pa Picatinny, koma ya Picatinny nthawi zambiri siilowa pa Weaver. Wina amaikakamiza ndi hamala kapena kuipala ndi fayilo. Musatero. Reli imodzi yaitali ya Picatinny ubwino wake ndi wakuti maring'i amakhala pa mzere umodzi ndipo mumasankha poika. Mabesi awiri osiyana amapepuka ndipo amasiya polowetsera zipolopolo poyera. Zonse zimagwira ntchito zikakhala zabwino. Reli zopendekeka zolembedwa 20 MOA ndi za owombera kutali kwambiri, mlenje wa m'tchire atenge ya 0.

Chitsulo kapena aluminiyamu? Pa mfuti zokankha kwambiri ine ndimakonda chitsulo, monga za Warne. Aluminiyamu yosemedwa bwino, monga ya Talley imene ring'i ndi besi zili chinthu chimodzi, imagwiranso bwino ndipo ndi yopepuka. Zoti muzithawe ndi zija zoumbidwa ndi chitsulo chofewa, masikuluu ake ongolowetsa kiyi kamodzi mutu n'kutha.

Msinkhu wa maring'i: tengani otsika kwambiri amene angalole zinthu ziwiri. Galasi la kutsogolo lisakhudze mpope, patsale mpata wa mamilimita awiri kapena atatu, ndipo chogwirira cha bolt chidutse osagunda sikopu kumbuyo. Pa galasi la 40 kapena 42, low kapena medium amakwana pa mfuti zambiri, koma mawu amenewa kampani iliyonse imawayeza mwa iyo yokha, ndiye kuyesa pa mfuti yeniyeniyo ndiko kumathetsa mkangano. Mukapita nayo ku shopu ikhale yopanda chipolopolo, m'chikwama chake chotseka, laisensi ili m'thumba. Maring'i aatali okhala ndi bowo pansi loti muzionera, asiyeni. Amakweza mutu m'mwamba ndipo salimba.

Gawo lachisanu: kumanga

Chotsani magazini, chotsani bolt, yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi maso, mulowetsemonso chala. Zipolopolo zikhale m'sefa.

Pukutani mafuta onse m'mabowo, pa masikuluu, mkati mwa maring'i ndi pa chubu. Mafuta otsala m'maring'i ndi amene amatsetsereketsa sikopu. Mangani besi, ndipo pa masikuluu ake ikani kadontho ka Loctite ya buluu, guluu woletsa masikuluu kumasuka. Yofiira ayi, imeneyo pomasula imafuna moto. Masikuluu a besi nthawi zina amasiyana kutalika, ndipo lalitali likalowa pa bowo lolakwika limagwira bolt, choncho mukamanga bwezerani bolt muone ngati ikuyenda bwino.

Ikani zigawo za pansi za maring'i. Pa Picatinny kapena Weaver, kankhirani ring'i iliyonse kutsogolo, cha kukamwa kwa mfuti, musanamange, kuti kachitsulo kake katsamire kale kumene mfuti idzakakankhire. Gonekani sikopu, vindikirani, mangani pang'ono poti ikhoza kusuntha.

Apa musafulumire. Valani jekete limene mumasakira, ikani sikopu pa mphamvu yapamwamba, tsinzinani, kwezani mfuti paphewa monga mumachitira, tsaya pa thabwa, kenako tsegulani maso. Ngati mukuona chithunzi chonse chopanda mdima m'mbali, pamenepo ndi pake. Ngati mukuyenera kusuntha mutu, sunthani sikopu, mutu ukhale pomwepo. Bwerezani kangapo, mutaima, mutagwada, mutagona chafufumimba, popeza pogona mutu umayandikira kwambiri. Maring'i asakhudze potupa pa mabatani kapena pamene chubu chayamba kukula.

Kuti kamtanda kaime chilili, khazikani mfuti mowongoka ndi kalevulo, mupachike chingwe chokhala ndi mwala kutsogolo kwanu, ndipo tembenuzani sikopu mpaka mzere woimirira ugone pa chingwecho. Mangani masikuluu mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, mipata ya mbali ziwiri za ring'i ikhale yofanana. Gwiritsani sikuludiraiva yoyeza mphamvu. Opanga masikopu ambiri amanena 15 mpaka 18 inch-pounds pa masikuluu a pamwambawa, omwe ndi pafupifupi 2 Nm, koma tsatirani pepala lobwera ndi zanuzo. Ndi mphamvu yochepa kuposa mmene dzanja la munthu wogwira ntchito za makaniko limaganizira, ndipo kumanga mopitirira kumafinya chubu n'kuwononga za mkati. Ngati chida chimenechi mulibe, bwerekani kapena lipirani gunsmith.

Mukamaliza, tengani pensulo mulembe kamzere pa chubu, mphepete mwenimweni mwa ring'i. Kamzere kameneko ndi mboni yanu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ku renji

Pitani ku renji yovomerezeka yokhala ndi mamita 100. Mabungwe a alenje monga SA Hunters ali ndi nthambi kuno ku Gauteng zimene zimakonza masiku owombera. Tengani zipolopolo zomwezo zimene mukasakire, kampani yomweyo, kulemera komweko. Mukasintha kuchoka pa zipolopolo zolemera 150 grain kupita pa 180, mwayambanso.

Yambani pa mamita 25. Khazikani mfuti pa matumba a mchenga, chotsani bolt, suzumirani mumpope mpaka chandamale chikhale pakati. Osaigwedeza, tembenuzani mabatani kuti kamtanda kafike pomwepo. Musadabwe kuona kuti mukatembenuzira kolembedwa up kamtanda kakutsika, ndi mmene zimakhalira, mivi ya pa batani imanena za kumene chipolopolo chipite. Wombani chimodzi. Chikagwa pafupi ndi pakati, pitani pa 100. Pa mamita 25 makliki amafunika kanayi kuchuluka kwake kuti musunthe mtunda womwewo.

Pa 100 wombani zitatu modekha, thabwa litatsamira pa thumba, mpope osakhudza kanthu. Pezani pakati pa mabowo atatuwo, musinthe kuchokera pamenepo. Tinene kuti gulu lagwa masentimita 7 kumanja ndi 4 pansi. Pa sikopu ya sentimita imodzi, makliki 7 kumanzere ndi 4 m'mwamba. Pa ya 1/4 MOA, 10 kumanzere ndi 5 kapena 6 m'mwamba. Dikirani mpope uzizire musanawombenso, chifukwa kutchire chipolopolo chofunika chimatuluka mumpope wozizira. Musamathamangitse bowo lililonse ndi makliki, mungathe bokosi lonse osafika. Kwa tchire la Limpopo, ikani kuti chizigwa pakati penipeni pa 100. Kwa zigwa, .308 kapena .30-06 yogwa masentimita 5 kapena 6 pamwamba pa 100 imakhala pafupi ndi pakati pa 200, koma katsimikizeni pa 200 pomwepo.

Zipolopolo zikatsala, yesani ngati sikopu imabwerera pamalo. Kwezani makliki 20, wombani. 20 kumanja, wombani. 20 pansi, wombani. 20 kumanzere, wombani. Chomalizacho chigwe pa gulu loyamba lija. Chikakana, kapena gulu likamayendayenda popanda chifukwa, yang'anani kamzere ka pensulo ndi masikuluu musanaimbe mlandu mfuti. Zonse zikakhala zolimba, bwezani sikopu waranti isanathe.

Pofika pa famu

Kuchokera ku Joni, pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, kutsikira ku tchire lotentha, mfuti yagwedezeka maola atatu kapena anayi, kumapeto kwake msewu wafumbi. Eni mafamu ambiri amakutengerani kaye pa chandamale musanalowe m'tchire, ndipo akapanda kutero pemphani nokha. Yang'anani kamzere ka pensulo, wombani chimodzi kapena ziwiri. Mfuti ikagwa kapena kugunda mwala pakati pa ulendo, bwererani ku chandamale ngakhale anzanu akudandaula kuti dzuwa likupita.

Pofufuza nyama gwiritsani mabainokula. Sikopu ili pa mfuti, ndipo chilichonse chimene mukuchiyang'anamo mwachilozetsa mpope, pamene chogwedezeka kuseri kwa chitsambacho chingakhale mnyamata wa pa famu akuyendera mpanda. Galasi likachita fumbi, liuzireni kaye musanapukute ndi kansalu kake, malaya amakanda. Ndipo musananyamuke pa galimoto, tsitsani sikopu pa mphamvu yotsikitsitsa. Nyama ikakhala kutali mupeza nthawi yokweza.